Chimbale cha ku Amereka chimene ndinachitsuka

Ku Chilobwe, ukadutsa msika n'kutsetsereka kulowera kumene mvula imakumba njira yake chaka ndi chaka, kunali nyumba ya zipinda ziwiri yopaka laimu kutsogolo kokha. Ndimo ndinakulira ine Luwiza, mwana woyamba wa bambo wa ku Nsanje amene ankagwira ntchito pa fakitale ya zidebe za pulasitiki ku Makata. Ndikulemba izi mtima ukadali m'mwamba chifukwa cha zimene zachitika pakhomo panga Loweruka lapitali, koma ndiyambe ndi zakale, apo ayi simundimva.

M'nyumba muja tinalimo anthu asanu ndi bwana mmodzi. Bwanayo anali deki. Kwa inu amene munabadwa mafoni atadzaza kale, deki ndi makina oonetsera zimbale za mafilimu pa TV. Yathu inali yasiliva, yopyapyala, ababa anaigula kwa manejala wina wa kuntchito kwawo amene ankabwerera kwawo ku Joni. Inkakhala pamwamba pa kabati ya mbale za alendo, itafunda kansalu kamene amayi analuka mwezi wathunthu. Ife ana mu Juni tinkalimbirana bulangete limodzi, koma deki sinagonepo osafunda.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la a Matewere, kalaliki wa mu ofesi ina m'tauni. Nawonso anali ndi deki, yakuda, yotchipa, yopanda dzina lomveka. Ababa sankaitchula popanda kukwinya mphuno. Ankati deki ya a Matewere ndi nkhumba, imadya chilichonse chimene waiponyera, pamene yathu ndi orijinolo, yoleredwa bwino.

Koma orijinoloyo inkadya zomwezo zimene nkhumba inkadya. Zimbale tonse tinkagula ku Limbe, pafupi ndi depoti, zili m'timapepala ta pulasitiki, chimbale chimodzi mafilimu khumi ndi awiri. Chithunzi chake chinali ngati ukuyang'ana kudzera m'chitenje chonyowa. Mdima wokhawokha, nkhope zobiriwira, mwina chithunzi chonse n'kupendekeka mpaka tonse m'nyumba tapendeketsa makosi. Ine ndinkaganiza kuti kunjako dzuwa silituluka, n'chifukwa chake anthu ake ndi oyera ngati mphukira za mbatata yoiwalika pansi pa bedi. Mawu ankamveka ngati akuchokera m'chidebe, wina n'kutsokomola pafupi kuposa amene akulankhula, kenako chigulu cha anthu osaoneka n'kuseka. Ndiye panali mitu. Pansi pa chithunzi pankakhala mitu yakuda yondondozana, nthawi zina umodzi n'kudzuka, n'kumera mapewa, n'kudutsa kutsogolo kwa msilikali amene akuwombera mfuti, msilikaliyo osauona n'komwe.

Tsiku lina ndinafunsa kuti mituyo ndi ya ndani. Ababa sanachedwe n'kuyankha, chifukwa pa za mafilimu sankachedwa. Anati imeneyo ndi mizimu ya anthu amene msilikaliyo anawapha kale, ikumutsata. Tinakhulupirira tonse mpaka amayi. Filimu ina inathera pamene mwamuna akulendewera pa mlatho ndi dzanja limodzi, chithunzi n'kudumphira ku filimu ina ya anthu ovina pa ukwati. Ababa anangoti, "Anagwa ameneyo. Kasambeni."

Ntchito yanga pa nkhani yonseyi inali yaudokotala. Zimbale zija zinkakalika msanga n'kuyamba kuima pakati pa ndewu, munthu chibakera chili m'mwamba. Ababa eni ake ndi amene anandiphunzitsa mankhwala ake. Uuzire mpweya, upukute ndi nsonga ya chitenje kuyambira pakati kupita kunja. Chikakanika, upake mankhwala otsukira mano pang'ono, udikire aume, utsuke ndi madzi, upukutenso. Chilobwe yense ankatero. Kwathu mankhwala otsukira mano anali a ababa ndi a zimbale, ife ana tinkatsuka ndi mchere. Ndikachiritsa chimbale ababa ankandisisita mutu pamaso pa alendo n'kunena kuti uyu ndi dokotala wa zimbale. Ndinali mu Sitandade 5, ndipo palibe dzina limene ndinalikonda kuposa limenelo.

Ndiye kunabwera katundu wa atsibweni a Zuze, alongo awo a amayi, amene ankasamala nkhalamba ku Amereka. Anapatsira munthu wobwera kumudzi. Munali nsapato zimene sizinakwane aliyense, ndi bokosi lolimba lonyezimira, m'kati mwake chimbale chimodzi cha filimu imodzi yokha. Ababa analitembenuza bokosilo kangapo, kulinunkhiza, kuliika pafupi ndi deki, n'kunena kuti tsopano orijinolo yakumana ndi orijinolo inzake. Sanafune kuonera okha ayi. Anaitana anzawo a ku Makata, anaitana akatekisiti a kutchalitchi kwathu, ndipo a Matewere anawaitana kawiri, kuti Lamulungu masana adzaone kusiyana kwa filimu ndi zinyalala.

Loweruka ndili ndekha m'nyumba ndinatsegula bokosi lija. Ndinkangofuna kuona basi. Chimbale chake chinali chosalala ngati madzi a m'mbale, nkhope yanga yonse inaonekamo, ndipo pochibwezera ndinasiyapo chala changa, chidindo chathunthu chamafuta a mandasi. Ndinauzira mpweya, ndinapukuta, chala chinachoka, koma ndinaganiza kuti mlendo wochokera kutali chonchi sangapatsidwe chithandizo cha theka. Ndinatenga mankhwala a ababa, ndinapaka bwinobwino, ndinatsuka, ndinapukuta mpaka chinawala kuposa mmene chinabwerera. Ndinagona wonyada.

Lamulungu nyumba inadzaza. Mabenchi tinabwereka, amayi anakazinga mtedza n'kufulula thobwa, ana a mzere wonse anaunjikana pawindo, ngakhale magetsi tsiku limenelo anachita manyazi osazima. Ababa, akadali mu jekete la kutchalitchi, anavundukula deki ndi manja awiri. Kathireyi kanatuluka, kanameza chimbale, m'kati munalira pang'ono. Kenako TV inangoti buluu, pakati mawu awiri achingerezi, kathireyi n'kutulukanso ngati mwana wolavula mankhwala.

Anakankhanso. Kanalavula. Kachitatu, kanalavulanso.

M'nyumba munangomveka mtedza ukuphwanyika m'kamwa mwa akatekisiti. A Matewere anakonza kukhosi.

"Mwina chatopa ndi ulendo, achimwene. Ku Amereka si ku Lunzu."

Anthu anaseka, ababa sanaseke. A Matewere anapitiriza kuti bwanji tikachiyese kwawo, ndi khomo lomweli.

"Mu nkhumba yanu ija? Mukufuna chimbale cha mlamu wanga chikatenge matenda?"

Mukumbukire mawu amenewo. Khomo la a Matewere linali masitepe khumi kuchokera pamene ndinakhala ine.

Ababa anachikweza chimbalecho ku kuwala kwa pawindo, sanaone chilema. Kenako anachifikitsa pamphuno. Ndinaona mphuno zawo zikutukuka, ndipo ndinadziwa kuti kwatha. Ababa akakwiya Chichewa chinkawathawa, n'kutsala Chisena cha kwawo.

"Mbani?"

Anafunsanso kuti ndani wagwira, maso akuyenda pa ana onse, koma Chilobwe yense ankadziwa kuti dokotala wa zimbale ndi mmodzi. Alendo anayamba kukumbukira kuti ali ndi zochita kunyumba. Thobwa anamaliza kaye.

Za lamba sindinena zambiri, aliyense wa msinkhu wanga akulidziwa. Chimene chinandiwawa chinabwera lamba litabwerera m'chiuno. Ababa anati Lachisanu ndikwera basi ya ku Nsanje, ndikakhale ndi azakhali, ndikatsuke mapoto poti manja anga amakonda kutsuka. Nkhani imeneyi sinali yatsopano. Chibadwire mng'ono wanga wotsiriza ababa ankadandaula kuti nyumba yachepa, azakhali nawo ankapempha mwana wowathandiza, koma amayi ankakana chifukwa kusukulu ndinkakhoza. Tsopano panapezeka chifukwa chonunkhira bwino.

Lachiwiri ababa atapita kuntchito, amayi anakulunga bokosi lija m'thewera loyera, kubereka khanda, kundigwira dzanja, ulendo wa ku Limbe. Mu minibasi anakhala atalifumbatira pachifuwa ngati akuzembetsa chamba. Anandipititsa kwa Che Amidu, mkulu wina wokonza mawailesi pakhonde la sitolo, wa magalasi omanga ndi ulusi, tebulo lake lodzaza matumbo a makina ndi fungo la waya wopserera. Amayi anafotokoza zonse, ine ndikuyang'ana pansi. Che Amidu ananunkhiza chimbalecho n'kumwetulira.

"Mano ake ndi oyera ndithu. Tiyeni tione ngati chimaluma."

Anachiponya mu deki ina yopanda chivundikiro, yomangidwa ndi legeni, yonyansa kuposa ya a Matewere. Ka TV kake kanaphethira kamodzi.

Anzanga, ine tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti kunja kuja dzuwa limatuluka. Thambo labuluu, udzu woti ungawerenge umodziumodzi, thukuta likutsika pakhosi pa munthu, botolo likagwa kumveka ngati lagwera pamapazi pako. Ogulitsa nthochi anasiya malichero awo n'kubwera kudzaona. Ine ndinayang'ana pansi pa chithunzi, ndinadikira, kenako ndinafunsa kuti nanga mizimu ija ili kuti.

Che Amidu atamva za mizimu anaseka mpaka anavula magalasi. Anati mitu ija ndi ya anthu amoyo, okhuta, okhala m'nyumba yoonetsera mafilimu kunjako, ndipo umene umadzuka uja ukupita kuchimbudzi. Munthu amalowa ndi kamera yobisa m'jekete n'kujambula chinsalu chonse, akamaopa kugwidwa dzanja n'kumanjenjemera, batire ikatha filimu yatheranso pomwepo. Zaka zonse zija ife tinkaopa anthu opita kukataya madzi.

Amayi anafunsa chimene tinabwerera, kuti nanga kwathu chikukaniranji. Che Amidu anatembenuza bokosi n'kuloza kachithunzi ka dziko lapansi kuseri kwake, pakati pake pali nambala wani.

"Mayi, eni mafilimu anadula dziko ngati mapuloti. Puloti iyi anagulitsa kwa wamalonda uyu, iyo kwa uyo, aliyense azitulutsa chimbale chake pa nthawi yake ndi mtengo wake. Ndiye kuti wina asakolole m'puloti ya mnzake, anaika loko. Ichi ndi cha puloti wani. Deki ya bambo akunyumba ndi ya ku Joni, imamvera thuu. Ife kuno anatilembera faifi."

"Nanga za faifizo amagulitsa sitolo iti?"

"Mukaipeza mudzandiitane, ndidzavale suti. Ndani angavutike kutibweretsera? Amati kuno kulibe ogula. Zabwino satitumizira, zikabwera zokha amazikhoma, ndiye timadya za m'jekete. Deki yaulemu imamvera eni ake, mayi. Yangayi ndi yamwano, simvera munthu, n'chifukwa chake ikuonetsa. Mwanayu sanalakwe kanthu."

Amayi anamupempha kuti alembe zimenezo. Analemba kuseri kwa katoni ya mababu, manambala atatu aja ndi mawu ochepa. Pobwerera ndinkayenda ngati ndikuuluka. Ndinkaganiza kuti choonadi chikalembedwa papepala ndiye kuti nkhani yatha. Ndinali mwana.

Madzulo ababa atasamba, amayi anagwada n'kupereka kakatoni kaja, n'kufotokoza pang'onopang'ono, mawu ofewa ngati akusenda dzira. Ine ndinali kuseri kwa katani, diso limodzi panja. Ababa anawerenga, anatenga bokosi, anayang'ana nambala wani ija, anadzuka n'kukasuzumira kuseri kwa deki, kumene kunali nambala thuu. Ndinaona nkhope yawo. Anamvetsa. Chimenechi ndi chimene sindinachiiwale mpaka lero, kuti anamvetsa zonse. Kenako anayang'ana kukhoma limene linatilekanitsa ndi a Matewere.

"Mmisiri wa pakhonde angadziwe chiyani za deki ya ku Joni?"

Basi. Akanavomera, akanayenera kukauza akatekisiti ndi anzawo a ku Makata kuti mwana sanaononge kanthu, orijinolo ndi imene inakana orijinolo inzake, ndipo nkhumba ya a Matewere ikanaonetsa. Panali ine ndi deki, wina anayenera kukhala wolakwa. Deki inali ya ku Joni. Ine ndinali wa pompano.

Lachisanu ndinakwera basi. Ku Nsanje ndinakhala zaka ziwiri. Azakhali sanali ankhanza, koma sukulu inali kutali, madzi akasefukira njira inkatha, ndipo mapoto analipodi ambiri. Pobwerera ku Chilobwe ndinali wamtali, chifuwa chitayamba kutuluka, anandikhazika pakati pa tiana timene tinkanditcha kuti amayi. Ndinapirira mpaka Sitandade 7, ndinasiya.

Chimbale chija sichinaonetsedwepo m'nyumba mwathu. Chinalowa m'kabati, kuimikidwa pakati pa makapu a alendo. Mlendo aliyense wofika ankachitulutsiridwa kuti achigwire, ababa n'kunena mawu omwewo, ine ndili pomwepo ndikuthira tiyi: "Ichi n'cha ku Amereka, koma chinaonongeka ndi ana."

Tsopano ndifike pa Loweruka lapitali. Ndimakhala ku Nancholi ndi amuna anga, bambo a Tadala, amene amayendetsa galimoto yoperekera katundu m'masitolo. Tadala wathu ali ndi zaka zitatu. Mwezi watha bambo ake anagula foni yaikulu, ndipo nditangoona mmene amaipukutira ndi malaya, ndi kachikwama kamene anaigulira mwana alibe juzi, ndinaizindikira. Bwana uja wabweranso, wangochepa thupi.

Masana amenewo kunabwera anzawo awiri. Anagula bandulo yoti aonere filimu ina imene mnzawo wa ku Joni anawatumizira pokaipeza. Bambo a Tadala anasiya foni pampando n'kupita kukatenga zakumwa pagolosale, ine ndili panja ndikutsuka mbale, ndipo ndinangochotsa maso kamphindi, kamphindi kokha, ine amene sindichotsa maso pa mwana. Atabwerako anadina. Foni inada, pakati mawu achingerezi. Anadinanso, chimodzimodzi. Anaipendeketsa ku kuwala, n'kuona tizala tating'ono ta mango pagalasi. Anainunkhiza.

Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji pakhomo. Ndinangopezeka ndaima pakati, thovu la sopo lili m'manja, Tadala ali kuseri kwa chitenje changa, dzanja la bambo ake lili kale pa lamba.

"Choka apo, Luwiza. Mwanayu wazolowera."

"Werengani kaye."

"Ndiwerenge chiyani? Waiononga!"

"Werengani, bambo a Tadala. Akuti filimuyi saonetsa m'dziko lanu lino. Si mango. Anadula dziko ngati mapuloti, ya ku Joni ndi ina, yathu ndi ina, anakhoma. Achimwene, tayesani pa yanuyo, ndapota nanu, tayesani pompano."

Mawu ankatuluka ophatikizana. Mnzawo mmodzi anatulutsa foni yake, yoyera bwino, yosagwidwapo ndi mwana. Anadina. Mdima womwewo, mawu omwewo. Winayo anayesanso, chimodzimodzi. Anayamba kuseka, kutukwana eni mafilimu ndi mnzawo wa ku Joni yemwe, ndipo dzanja lija linachoka pa lamba n'kupita kukakanda kumutu.

"Iwe za mapulotizi unaziphunzira kuti, wa Sitandade 7?" anafunsa bambo a Tadala.

"Ku Nsanje. Kosi yake ndi ya zaka ziwiri."

Anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Amuna anga si munthu woipa. Ababanso sanali munthu woipa, ndipo chimene chikundiopsa ndi chimenecho. Tadala ndinamusambitsa m'manja kawiri ndi sopo, koma fungo la mango silichoka msanga, ndiye ndinamubereka kumsana, mwana woyenda yekha, mpaka alendo atapita.

Zinthu zasintha, amatero anthu. Zimbale lero zili m'masipoko a njinga ndi m'minda kuopseza mbalame. Mafilimu timakaikitsa pa memore kumsika, ena atawamasulira kale m'Chichewa mwawomwawo, ndipo mitu ija nthawi zina imadzukabe kupita kuchimbudzi. Pakhonde pa Che Amidu pali mtsikana wogulitsa machaja. Koma amene anadula mapuloti aja sanafe, angosamutsa loko kuchoka pa deki kupita pa foni. Iwo sadziwa kuti kuli Chilobwe kapena Nancholi. Sadziwa kuti akakhoma kumeneko, kuno bambo sayang'ana ku Amereka ayi, amayang'ana mwana amene ali pafupi.

Dzulo potuluka m'tchalitchi ndinapita ndi Tadala ku Chilobwe. Ababa anapuma ntchito, tsitsi layera, deki inafa kalekale koma ikadali pakabati itafunda kansalu kake. Atamuona mdzukulu wawo anatsegula kabati, n'kutulutsa bokosi lija, mtundu wake utafwifwa. Tadala anatambasula dzanja, ine ndinaligwira msanga ndisanaganize n'komwe.

"Ichi n'cha ku Amereka," anatero ababa, "koma chinaonongeka ndi ana."

"Ana ati, agogo?"

Palibe mlendo anafunsapo funso limenelo zaka zonsezi. Ababa anatsegula pakamwa, anayang'ana bokosi, anayang'ana dzanja langa litafinya kadzanja ka mwana. Ine sindinawathandize. Amayi kukhitchini anasiya kusesa. Kenako ababa anatulutsa chimbalecho, n'kuchiika m'manja mwa Tadala, manja a mafuta a zitumbuwa.

"Tenga, ukaseweretse."

Kupepesa kumene ndinakudikira chiyambire Sitandade 5 kunakwana m'mawu awiri, ndipo kunaperekedwa kwa munthu wina. Ndinakulandirabe. Pamene ndikulemba pano Tadala akuchigubuduza pabwalo, chakalika kale mbali zonse, tsopano chaonongekadi ndi ana. Mawa ayamba sukulu ya mkaka. Yunifomu ndasita, ndaipachika pamene maso anga akuiona.